Momwe mungachitire kuti PostgreSQL idziwe mtundu wa $1

Chaka chatha ndinakonza kasisitemu kolembera soya ndi mtedza amene kopaletivu ina kuno ku Kasungu imagula kwa alimi a ku Santhe, Chamama ndi Chulu. Database yake ndi PostgreSQL. Ndi yaulere, musanamizidwe. Mnyamata wina pa boma pano ankafuna kundigulitsa pa flash, ati pamodzi ndi "laisensi", chonsecho chofunika ndi bandulo yodawunilodera basi.

Poyamba, zimene kalaliki walemba musamazimate m'kati mwa SQL. Ikani $1, $2 m'malo mwake; zimenezi ndi ma parameter, zizindikiro zosungira malo a zimene kalaliki adzalembe. A MySQL ndi SQLite amaika chizindikiro cha funso. Zopanga tebulo sindinena, mukuzidziwa. Tsegulani psql, pulogalamu yolemberamo malamulo a PostgreSQL, mulembe:

PREPARE fufuza AS SELECT * FROM zogula WHERE dera = $1 AND makilo > $2;

Simunaiuze kuti $1 ndi mawu kapena nambala, koma siidandaula. Imaona chimene $1 wayandikana nacho. Mu tebulo la zogula, dera ndi text (mawu), ndiye $1 akhala text. Makilo ndi numeric (nambala), $2 atengera pomwepo.

Chachiwiri, ifunseni zimene yaganiza:

SELECT name, parameter_types FROM pg_prepared_statements;

Muchite izi pa connection yomweyo, chifukwa mukatseka, zimene munakonza ndi PREPARE zimapita nazo.

Chachitatu, pamene ndinagwa ine. Atcheya anandiuza kuti, "Achimwene, kalaliki akasiya malo a dera opanda kanthu, tizione madera onse." Ndinati zochepa zimenezo, n'kulemba:

WHERE $1 IS NULL OR dera = $1

Sindinayese. Magetsi anali atazima, ndipo batire la laputopu yanga, lomwe wogulitsa analumbira kuti ndi latsopano, silitha ola limodzi. Kutacha alimi ali pamzere, njinga zodzaza matumba, sikelo yakonzeka, sikirini n'kulemba kuti "could not determine data type of parameter $1". Kalaliki anabwerera ku kope la hadikava, ine thukuta kamukamu.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti dera = $1 analipo pamzere womwewo. Bwanji osaonera pamenepo? Nkhani ndi yakuti PostgreSQL imatenga mtundu pamalo oyamba pamene $1 watchulidwa. Pamalo oyamba apa pali IS NULL, ndipo funso loti "kodi mulibe kanthu?" mungalifunse pa mawu, pa nambala, ngakhale pa tsiku. Siliunikira chilichonse. Ikafika pa dera = $1 imazindikira kuti ndi text, koma $1 woyamba uja wadutsa kale wopanda mtundu, ndiye imakana funso lonse. Ndinataya m'mawa wonse ndikukayikira netiweki, kenako draiva (kapulogalamu kolumikiza sisitemu ndi database), mpaka kuimbira munthu amene amatisungira seva, yemwe foni yake imangoitana mukamufuna.

Mankhwala ake ndi aafupi mochititsa manyazi:

WHERE $1::text IS NULL OR dera = $1

Ka ::text kaja kakuiuza mtundu poyambirira pomwe. Njira yachidule ndi kungotembenuza, dera = $1 OR $1 IS NULL, ndipo imagwira. Ine sindiikonda, chifukwa wina akadzabwera kudzakonza mzerewo n'kuutembenuzanso, vuto labwerera. Muthanso kutchula mitundu pa PREPARE pomwepo, pambuyo pa dzina la funso.

Chachinayi, onani mitundu ya m'tebulo mwanumo, poti ndi imene $1 amatengera. Makilo akakhala integer (nambala yathunthu), ndiye mwatumiza 49.5 kudzera pa EXECUTE, PostgreSQL ilemba 50 osanena kanthu. Madraiva amene amatumiza nambala ngati mawu amalandira error m'malo mwake, zomwe zili bwinoko. Theka la kilo pa thumba lililonse, nyengo yonse yogula, msungichuma akufunsani. Ikani numeric(8,2). Nambala za foni zikhale text, apo ayi ziro wa kutsogolo kwa 088 ndi 099 asowa, ndipo mukaika 265 patsogolo ipyola malire a integer, omwe ndi 2,147,483,647.

Masiku nawo chimodzimodzi. Mukalemba tsiku >= $1 - 7, iona 7 n'kuganiza kuti $1 ndi integer, kenako ikana kufananitsa tsiku ndi nambala. Lembani $1::date - 7. Mukatchula $1 mmodzi pawiri, uku ngati mawu uku ngati nambala, mpatseni mnzake $2, osalimbana nazo.

Zotsalazo ndi zachizolowezi. Yesani ndi EXECUTE fufuza('Santhe', 50), yesaninso ndi NULL, kenako DEALLOCATE fufuza. A PHP amene muli pa MySQL, zimitsani ATTR_EMULATE_PREPARES, chifukwa ikakhala yoyaka PDO, yomwe imalumikiza PHP ndi database, imamata yokha zinthu m'kati mwa SQL, ndipo seva siona parameter ngakhale imodzi.