Nsomba zikamayasama pamwamba pa madzi m'bandakucha

Pitani ku damu dzuwa lisanatuluke. Mukapeza makumba kapena chilunguni zili kukamwa yasa pamwamba, dziwani kuti mpweya wa okosijeni, umene nsomba zimapuma, wachepa m'madzi. Ndere zobiriwira za m'damumo zimapanga mpweyawu masana pokha. Usiku nazonso zimaugwiritsa ntchito, kulimbirana ndi nsomba. Musapusitsidwe ndi mlamba, chifukwa uwo umatha kupuma mpweya wa kunja anzake akufa.

Tsiku limenelo musathire madeya kapena manyowa. Tulutsani madzi ena, makamaka apansi, mulowetse atsopano akugwa chothovoka. Kenako viikani mkono m'madzi masana kuti muone kuchuluka kwa ndere. Chikhatho chikasowa musanafike pa chigongono, pafupifupi masentimita 30, ndere zachuluka. Chikamaonekabe bwinobwino mutapitirira pamenepo, madzi alibe ndere zokwanira, zomwe ndi chakudya cha nsomba, ndiye manyowa akufunika kuti zimere.

Nsomba imatentha kapena kuzizira molingana ndi madzi ake. Mitundu iyi ya makumba ndi chilunguni imakula bwino pa madigiri 25 mpaka 30, ndipo akatsika pansi pa 20 imangodya monyinyirika. Kuno ku Lilongwe mu June ndi July chepetsani madeya, muzithira dzuwa litakwera. Otsala amaolera pansi n'kumalizanso mpweya. Damu likhale lakuya mita imodzi kapena kuposerapo, chifukwa losaya limazizira msanga usiku.