Kodi muike chainring yaikulu panjinga yanu?

Chainring ndi gudumu la mano lija limene limazungulira pamodzi ndi mapedulo. Ikakula, njinga imapita patali mukapalasa kamodzi, koma miyendo imalemedwa. Ndiye musanagule, pezani msewu wopanda chitunda n'kuika giya yolemera kwambiri. Ngati miyendo ikungozungulira osamva kulemera, kupitirira ka 90 pa mphindi, giyayo yakuchepeleranidi. Koma ngati giya imeneyo mumaifika mwa apo ndi apo, chainring yaikulu ingokupweteketsani mawondo.

Masamu ake ndi osavuta: gawani mano akutsogolo ndi mano akumbuyo. Mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo amapereka 2.44, kutanthauza kuti mapedulo akazungulira kamodzi, tayala lazungulira ka 2.44. Tayala la saizi yotchedwa 700c limayenda pafupifupi mamita 2.1 likazungulira kamodzi, choncho mwayenda mamita 5.1. Mukaika mano 48, mamitawo amafika 5.6. Popalasa ka 80 pa mphindi, liwiro lichoka pa makilomita 24.6 kufika pa 26.9 pa ola. Kusiyana kwake ndi 9 peresenti, ndipo panjinga ya chainring imodzi 9 peresenti yomweyo mudzailipira pachitunda chilichonse komanso ponyamuka mutasenza katundu.

Ambiri amaiwala zoyang'ana kumbuyo. Kuchotsa fuliwilo (giya ya pagudumu lakumbuyo) ya mano 18 n'kuika ya 16 kumapereka 2.75, kuposa 2.67 ya 48 ndi 18, ndipo nthawi zambiri n'kotchipa. Kusintha kutsogolo kumamveka ngati kumbuyo muli kale ndi kagiya ka mano 11.

Mwatsimikizabe? Yambani ndi mabawuti. Werengani ngati alipo anayi kapena asanu, ndipo dziwani kukula kwa mzere wozungulira umene akhalapo, wotchedwa BCD: njinga zambiri zam'mapiri ndi mamilimita 104 pa mabawuti anayi, zamumsewu 110 kapena 130 pa asanu. Zikasiyana, mabowo sakumana. Njinga zotsika mtengo zimabwera ndi chainring yokhomeredwa kukulanki (chitsulo chogwira mapedulo), yopanda mabawuti. Pamenepo mugula kulanki yonse.

Kenako felemu. Dzino lililonse lowonjezera limatulutsa m'mphepete mwa chainring ndi mamilimita awiri, ndiye mano anayi ndi mamilimita 8. Yezani mpata umene ulipo pakati pa mano ndi chitsulo cha felemu chopita kugudumu lakumbuyo. Ukachepa, mano azikwecha felemu mukaponda mwamphamvu, ngakhale pozungulitsa ndi dzanja zimaoneka bwino.

Tcheni nacho chifunika kutalika: mano anayi amadya pafupifupi inchi imodzi, omwe ndi malinki awiri. Apa osanyalanyaza, chifukwa tcheni chachifupi chimatha kupinda kapena kuthyola derailleur yakumbuyo (kachipangizo kosuntha tcheni posintha magiya) mukaika giya yaikulu kutsogolo ndi yaikulu kumbuyo. Chakutha musachibwezere, chimadya mano atsopano msanga.

Ngati pali derailleur yakutsogolo, ikwezeni kuti ikhale mamilimita 1 mpaka 3 pamwamba pa mano, ili yowongoka molingana ndi chainring. Pa zamumsewu za machainring awiri, yaikulu isapose yaing'ono ndi mano oposa 16, monga 50 ndi 34. Kupitirira apo tcheni chimavuta kukwera ndipo chimagwa posintha. Mabawuti pakani girizi pang'ono, mumange modumphitsa, lina uku lina uko, kuti chainring isapendekeke. Mukayendako tsiku loyamba, amangeninso, amakonda kumasuka.