Momwe mungafufuzire nokha za ufulu wovota ndi kasankhidwe ka majaji m'Malamulo a Dziko

Choyamba pezani buku lenileni la Malamulo a Dziko. Lilipo pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losunga malamulo ndi zigamulo za makhoti a ku Malawi, laulere, bola kabando ka intaneti. Koma apa ndi pamene ambiri timagwa. Ine langa ndidagula kwa anyamata ojambula mapepala aja, lomangidwa bwino, mtengo wake wowawa. Kufika nalo kunyumba, m'katimo mudakali nkhani ya Seneti, nyumba yachiwiri ya malamulo yomwe idachotsedwa m'malamulomo mu 2001! Malamulowa adayamba kugwira ntchito mu 1994 ndipo akhala akusinthidwa kangapo, choncho musanalipire yang'anani chaka chomwe bukulo lidakonzedwa komaliza. Njira yachidule: tsegulani gawo 80. Ngati likungoti mtsogoleri apambane ndi "majority" osatchula mavoti opitirira theka, bwezani, ndi lakale.

Mukapeza labwino, yambani ndi gawo 40, lonena za ufulu pa ndale, kenako 77. Gawo 77 ndiye mwini nkhani: wovota akhale wa zaka 18, nzika ya Malawi kapena mlendo amene wakhala m'dziko muno zaka 7, ndipo alembetse kudera lomwe amakhala, komwe adabadwira, kapena komwe amagwira ntchito kapena kuchita bizinesi. Za mlendozi anthu amatsutsa mpaka mutawawonetsa.

Tsopano gawo 111. Mkulu wa majaji amasankhidwa ndi Pulezidenti, koma Nyumba ya Malamulo imayenera kumuvomereza ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu omwe alipo ndipo avota. Majaji enawo Pulezidenti amawasankha potsatira mayina ochokera ku Judicial Service Commission, bungwe loona za ntchito ya majaji. Lembani mndandanda wa omwe adakhalapo pampando wa mkulu wa majaji; ena mwa iwo ndi awa: Richard Banda mu 1992, Anastasia Msosa, mayi woyamba, mu 2013, Andrew Nyirenda mu 2015, Rizine Mzikamanda mu 2022. Pambali pa dzina lililonse ikani Pulezidenti wa nthawiyo.

Kuti muwone pomwe voti yanu imakumana ndi majaji, werengani chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pomwe majaji asanu a Khoti Lalikulu adafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019. Ndi chachitali zedi, yambirani kumapeto komwe kuli zomwe adalamula. Cha khoti la Supreme cha pa 8 Meyi 2020, pa apilo ya mlandu womwewo, ndi chachifupiko. Zinazo mudzazipeza poyenda.