Momwe mungasungire ndi kusinthira BIOS pogwiritsa ntchito flashrom ndi fwupd

BIOS, kapena UEFI pa makompyuta a masiku ano, ndi pulogalamu yoyamba imene imadzutsa kompyuta. Imakhala m'kachip ka miyendo 8 kamene kali pa motherboard, kawirikawiri ka Winbond kapena Macronix. Kompyuta ikangoyaka imawerenga kachip kameneka isanayang'ane n'komwe hard disk. Zimene zili m'menemo zikasokonekera, fani imangozungulira koma sikirini ili bii. N'chifukwa chake musanalembemo chilichonse, muyambe mwakopera zimene zilimo kale.

Malamulo onse ali m'munsimu ndi a Linux. Ngati kompyuta yanu ili ndi Windows, iyatseni ndi fulashi ya Ubuntu osaika chilichonse pa disiki. Ndipo ngati disikiyo ili ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa zili pa disiki, lembani pambali recovery key yake, chifukwa BIOS ikasintha Windows ikhoza kuifunsa.

Choyamba dziwani bolodi limene muli nalo ndi BIOS imene ilipo panopa:

sudo dmidecode -s baseboard-product-name
sudo dmidecode -s bios-version

Dzina la bolodi mulikopere ndendende. Mabolodi ena amasiyana chilembo chimodzi chokha, koma BIOS ya lina siigwira pa linzake.

Kenako ikani mapulogalamu awiriwo, flashrom yowerengera ndi kulembera chip ndi fwupd yoikira BIOS yatsopano, ndi sudo apt install flashrom fwupd, n'kuwerenga chip kawiri:

sudo flashrom -p internal -r bios1.bin
sudo flashrom -p internal -r bios2.bin
sha256sum bios1.bin bios2.bin

Manambala awiri amene atuluke afanane. Akasiyana, musawakhulupirire mafayilowo, werenganinso. Onaninso kukula kwake ndi ls -l: chip cha W25Q64 chimapereka mabayiti 8388608, cha W25Q128 mabayiti 16777216. Fayiloyo muisunge pa fulashi ina, osati pa kompyuta yomweyo, popeza ikafa simudzatha kuitulutsamo msanga. Kopeyi ndi yofunika kuposa imene mungatsitse pa intaneti, chifukwa muli zinthu za bolodi lanu lokha, monga siriyo nambala, ndipo pa mabolodi ambiri a Intel mulinso MAC address ya netiweki.

Apa m'pamene anthu ambiri amakakamira. Flashrom ikadandaula za /dev/mem, yatsaninso kompyuta mutawonjezera iomem=relaxed pa mzere wa kernel mu GRUB, menyu yoyatsira Linux; Secure Boot ikhozanso kufunika kuizimitsa kaye. Ikanena kuti mayina angapo a chip akufanana ndi chimene yapeza, werengani dzina lolembedwa pa kachip komweko n'kuliika ndi -c. Pa makompyuta a Intel, chip chimagawidwa zigawo, ndipo chigawo cha Management Engine nthawi zambiri chimakhala chokhoma. Zikatero tengani chigawo cha BIOS chokha:

sudo flashrom -p internal --ifd -i bios -r bios1.bin

Pa laputopu flashrom imachenjeza kapena kukana kumene. Chifukwa chake n'chakuti kachipangizo kotchedwa EC, kamene kamayendetsa batire, kiyibodi ndi fani, nthawi zina kamagwiritsa ntchito chip chomwecho. Njira yoikakamiza ilipo, koma musaiyese pa makina a kasitomala.

Kope ikasungidwa bwino, kusintha BIOS kwenikweniko ndi bwino kuchitike ndi fwupd. Imatenga mafayilo ku LVFS, kumene makampani monga Dell, Lenovo ndi HP amaika okha firmware yawo:

fwupdmgr refresh
fwupdmgr get-devices
fwupdmgr get-updates
fwupdmgr update

Nthawi zambiri fwupd siilemba chip Linux ikuyenda. Imasiya fayilo pa gawo la EFI la disiki, kompyuta n'kuzima, ndipo BIOS yakale ndi imene imaika yatsopanoyo poyakanso. Motero kompyuta iyenera kukhala itayaka mu UEFI, osati Legacy. Sikirini ikhoza kuda kwa mphindi zingapo, makina n'kudziyatsa kawiri kapena katatu. Musagwire batani. Kunoko magetsi amathima osatsanzika, ndiye desktop muilumikize ku UPS, laputopu ikhale pa chaja batire ili ndi moto wokwanira. Magetsi akathima chip chitafufutidwa koma chisanalembedwe chonse, nthawi zambiri bolodi siliyakanso.

Ngati bolodi lanu palibe ku LVFS, monga zimakhalira ndi mabolodi ambiri ogula paokha, gwiritsani ntchito chida cha m'BIOS momwemo: EZ Flash pa ASUS, Q-Flash pa Gigabyte, M-Flash pa MSI. Fayilo ya kampani musailembe ndi flashrom mwachindunji. Ya .CAP ya ASUS, mwachitsanzo, ili ndi mutu kutsogolo, kawirikawiri wa mabayiti 2048, ndipo kukula kwake sikugwirizana ndi kwa chip.

Flashrom ikalephera pakati polemba, imachenjeza yokha pa sikirini kuti musazimitse makina. Imvereni: kompyuta ikadali yoyaka, bwezeranimo kope yakale ndi sudo flashrom -p internal -w bios1.bin mpaka muone mawu akuti VERIFIED. Ngati munatenga chigawo cha BIOS chokha, muikenso --ifd -i bios --noverify-all polemba.

Bolodi likafa kale, pamafunika kompyuta ina, ka programmer ka CH341A kolumikizira chip ku USB ya kompyuta inayo, ndi kachopanira ka SOIC8 kogwira miyendo ya chip. Pa makina akufawo zulani chingwe cha magetsi, chotsani batire yaikulu ndi kabatire ka CR2032. Waya wofiira wa chopanira ukhale pa mwendo woyamba, mbali imene pali kadontho pa chip. Musanalowetse programmer mu USB, werengani dzina la chip: W25Q128JV ndi cha 3.3V, koma W25Q128JW ndi cha 1.8V ndipo chimafuna adaputala, apo ayi chimapsa. Ma CH341A ambiri a bolodi lakuda amatulutsa 5V pa mawaya a data, choncho ayezeni ndi multimeter.

Ngakhale BIOS ili yowonongeka, iwerengeni kawiri ndi -p ch341a_spi -r, mafayilowo muwapatse mayina ena kuti musafufute bios1.bin, n'kuyerekeza manambala. Akasiyana, chopanira sichinagwire bwino miyendo. Chichotseni, pukutani miyendoyo ndi spirit, panani bwino. Akafanana, lembani kope yabwino imene munasunga poyamba ija (ngati inali ya chigawo cha BIOS chokha, muikenso --ifd -i bios):

sudo flashrom -p ch341a_spi -w bios1.bin

Chip cha 16 MB chimatenga mphindi zingapo. VERIFIED ikatuluka, zulani programmer mu USB musanachotse chopanira, bwezerani mabatire, yatsani, ndipo mulowe mu BIOS kukonza tsiku, nthawi ndi disiki yoyambira.