Zoyenera kuchita chiperoni chikakusocheretsani pa Phiri la Mulanje

Chimene chimasocheretsa anthu kwambiri pa Phiri la Mulanje ndi nkhungu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimabwera mosagogoda, ndipo pamphindi zochepa mnzanu amene ali mamita 10 patsogolo simumuonanso.

Konzekani mudakali pansi. Lembetsani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, nenani kumene mukagone (Chambe, Thuchila, Lichenya kapena Chisepo) ndi tsiku lotsika, ndipo tengani wokutsogolerani wa konko. M'chikwama musasowe wenzulo, tochi, jekete yosalowa madzi, chipepala chachikulu cha pulasitiki, mtedza ndi madzi malita awiri. Mapu muwasungiretu m'foni, chifukwa GPS, imene imasonyeza pamene muli pa mapu, imagwira ngakhale popanda netiweki.

Mukangozindikira kuti njira yakusowani, imani pomwepo. Mantha amafulumizitsa miyendo, ndiye munthu amangotalikira njira. Khalani pansi, valani jekete thukuta lisanazizire, muwerengane ngati muli gulu.

Kenako unjikani miyala itatu pamene mwaimapo. Yendani mapazi 30 mbali imodzi, mukufufuza milu ya miyala kapena penti wofiira wa pamatanthwe, monga amene ali panjira ya ku Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili. Mukapanda kuona kanthu bwererani pamulu wanu, muyese mbali ina. Ngati nkhungu yachita kutseka moti mulu wanuwo sukuoneka, lekani kufufuza.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatsata mtsinje poganiza kuti uwafikitsa kumudzi. Kuchigwa nzeru imeneyo imathandiza, koma pa Mulanje ayi. Mitsinje monga Ruo ndi Likhubula imatsika m'mathithi ndi m'maphompho, ndipo thanthwe lonyowa la ndere limaterera ngati sopo. Mukhoza kutsetsereka pamalo oti kukweranso simungathe.

Nkhungu ikang'ambika masana, yang'anani mthunzi wanu. M'miyezi yozizirayi dzuwa la 12 koloko limakhala chakumpoto, choncho mthunzi umaloza kumwera. Fananizani ndi mapu musanasunthe.

Poitana anthu, lizani wenzulo kasanu ndi kamodzi pamphindi imodzi, pumani mphindi ina, bwerezani. Kukuwa kumangothetsa mawu. Netiweki ikagwira pang'ono tumizani SMS yokhala ndi manambala a GPS, poti uthenga umadutsa pamene kuimba kukukanika. Mukatero zimitsani foni, muiike m'thumba la mkati. Kuzizira kumadya batire.

Ikakwana 4 koloko musanapeze njira, konzani pogona, chifukwa mu Juni mdima umagwa 6 koloko isanakwane. Ku Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002 kuchokera panyanja, usiku kumazizira koopsa. Gabriel Buchmann wa ku Brazil, amene anakwerako mu 2009 atasiya womutsogolera, anafa ndi kuzizira. Pezani phanga kapena kuseri kwa mwala kosawomba mphepo, yalani udzu kapena chikwama pansi kuti thanthwe lisakuyamweni kutentha, vulani zonyowa, dzikulungeni m'pulasitiki muja ndipo mukhale mothithikana mpaka kuche.