Kuyendetsa TV box ya waya ndi foni

Mwafunsa kuti kunyumba kwanu ku Area 25, box ya Android TV mudailumikiza ku rauta ndi waya wa Ethernet, ndiye kodi foni ingakhale rimoti? Zimatheka ndithu, bola zonse ziwiri zikhale pa rauta imodzi.

Yambani ndi kulumikiza foni ku Wi-Fi ya rauta yomwe waya wa box walowamo. Zimitsani data ya Airtel kapena TNM, ndi VPN yomwe. Kenako tsegulani app ya Google TV, dinani pa Remote, n'kusankha dzina la box yanu. Pa TV patuluka code. Ilembeni pafoni, basi mwatha.

Box ikapanda kuoneka, onani IP (nambala ya chipangizo pa netiweki) ya box ndi ya foni mu Settings. Box ikakhala pa 192.168.1.5 koma foni pa 192.168.8.20, ndiye kuti zili pa manetiweki osiyana. Kawirikawiri foni imakhala yathawira ku MiFi, kapena ku rauta yachiwiri yomwe mudaika kuti Wi-Fi ifike ku boys quarters. Rauta yachiwiriyo iikeni pa Access Point mode, kuti izingofalitsa netiweki ya rauta yoyamba m'malo mopanga yakeyake.

Wi-Fi ya Guest musaiyese n'komwe, imabisa zipangizo. AP Isolation, setting ya mu rauta yomwe imaletsa zipangizo kuonana, nayonso ikhale yozimitsa.