Momwe mungakonzere msambo wosokonekera ndi mapiritsi olera

Amayi anzanga, ngati msambo umabwera mwezi uno kenako n'kusowa miyezi iwiri, mapiritsi olera angathandize kuti uzibwera pa nthawi yodziwika. Ine ndadutsamo, ngakhale ndinayamba molakwika.

Tengani buku lanu la kuchipatala mupite ku chipatala cha boma, monga cha Mapale ku Mzuzu, kapena ku Banja La Mtsogolo. Kuboma mapiritsi ndi aulere, mumangowononga ya kabaza. Anamwino amayamba ayeza BP ndi kuona ngati mulibe mimba. Ngati BP ndi yokwera, ngati mumasuta fodya ndipo zaka zafika 35, ngati mumadwala mutu waching'alang'ala wochititsa kuona tinthu tothwanima, kapena mwana wakubere sanakwane miyezi 6, akupatsani njira ina. Muwauzenso ngati mukumwa mankhwala a TB kapena a khunyu, chifukwa ena amafooketsa mapiritsiwa.

Apa mumvetsetse bwino. Mapiritsi alipo amitundu iwiri. Okonza msambo ndi a mahomoni awiri, monga Microgynon: m'kapaketi muli 28, oyamba 21 ndiwo a mahomoni, 7 omaliza ndi ooneka mosiyana. Enawo, monga Microlut, ndi a homoni imodzi, omwe amapatsa oyamwitsa, ndipo kwa ambiri amasokoneza msambo m'malo moukonza.

Ine ndinachita ulesi ndi mzere, n'kukagula kwa bambo wina wa pabenchi. Anangoti, "Onse ndi olera awa, mayi." Ndinadonthetsa pafupifupi mwezi wathunthu, ndalama kuthera mapadi, kunyumba nako mafunso. Nditapita kuchipatala ndi kapaketiko, anamwino anangogwira pakamwa: timapiritsi tonse tofanana, ndinkamwa a oyamwitsa. Komanso mankhwala a pabenchi amakhala padzuwa tsiku lonse, ena tsiku lothera ntchito silionekanso.

Mukapeza oyenera, zotsalazo n'zosavuta. Imwani limodzi tsiku lililonse pa nthawi yomweyomweyo, ine ndinatchera alamu ya 8 koloko usiku. Magazi amabwera mukafika pa 7 omaliza aja. Kapaketi kakatha, mawa lake yambani kena. Mukaiwala limodzi, imwani mukangokumbukira, ngakhale akhale awiri tsiku limodzi.

Nseru ndi kudonthetsa m'miyezi itatu yoyamba zimachitika, zikapitirira bwererani kuchipatala. Mukadzasiya kumwa, msambo ungathe kuyambiranso kusokonekera, ndiye funsani akuyezeni chimene chikuchititsa. HIV mapiritsi sateteza, pamenepo ndi kondomu basi.